Ndemanga yanga pa mayeso a CLEP ndi DSST: mmene ndinamalizira digiri imene ndinaisiya panjira

Ndikulemba ndemangayi patapita miyezi isanu ndi umodzi chilandirireni digiri yanga ya maphunziro a bizinesi kuchokera ku Thomas Edison State University, imene ili mumzinda wa Trenton ku New Jersey, ndipo ndikuwalembera makamaka Amalawi anzanga amene ali kuno ku America koma anasiya sukulu pakatikati chifukwa cha ntchito, ana kapena fizi. Njira imene ndinagwiritsa ntchito ndi yosonkhanitsa makirediti a maphunziro amene ndinachita kale ndi kuwonjezerapo ena kudzera m'mayeso a CLEP ndi DSST, popanda kukhala m'kalasi kwa semesita yonse. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo chifukwa chimene nyenyezi imodzi yachokera ndichifotokoza m'munsimu.

Ndinafika ku Indiana mu 2016 ndili ndi dipuloma ya zaka ziwiri ya akawunti imene ndinaitenga pa koleji ina ya ku Blantyre. Ndinalembetsa pa koleji yaing'ono ya m'dera lathu lino n'kuphunzirapo masemesita awiri, koma ntchito ya usiku ya kumalo osamalirako okalamba inandigonjetsa, moti ndinasiya ndikudziuza kuti ndidzabwerera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinakhala zaka zisanu.

Kwa amene sadziwa mmene zinthu zimayendera kuno, digiri yoyamba kawirikawiri imafuna makirediti 120, ndipo phunziro limodzi la semesita imodzi limakhala ndi makirediti atatu. Mayunivesite ambiri amafuna kuti gawo lalikulu ndithu la makirediti amenewa ulipeze kwa iwo eni, koma pali sukulu zitatu zimene zinakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 n'cholinga chothandiza anthu akuluakulu ogwira ntchito, ndipo zimalandira makirediti ochuluka ochokera kwina: Excelsior ya ku Albany, New York, imene inayamba mu 1971, Thomas Edison imene inayamba mu 1972, ndi Charter Oak State College ya ku Connecticut imene inayamba mu 1973. Ine ndinasankha Thomas Edison chifukwa ndi ya boma la New Jersey ndipo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la Middle States Commission on Higher Education, zomwe zinandichotsa mantha akuti mwina ndikugula pepala lopanda ntchito.

Mayeso a CLEP amayendetsedwa ndi bungwe la College Board, lomwe lija limayendetsanso mayeso a SAT. Alipo 34, ndipo ali m'magulu a kulemba ndi mabuku, zilankhulo, mbiri yakale ndi za chikhalidwe cha anthu, sayansi ndi masamu, komanso bizinesi. Ambiri amatenga mphindi 90 pa kompyuta, mafunso ake ndi osankha yankho, ndipo malikisi amayambira pa 20 kulekeza pa 80. Bungwe la American Council on Education limalangiza kuti munthu amene wapeza 50 apatsidwe makirediti, ngakhale kuti sukulu iliyonse ili ndi ufulu woika mlingo wakewake kapena kukana mayeso ena. Chimene chinandisangalatsa kwambiri, ine munthu amene ndinadikirapo zotsatira za MSCE kwa miyezi, n'chakuti ukangomaliza kuyankha funso lomaliza malikisi ako amaoneka pomwepo pa kompyuta. Mayeso a College Composition okha ndi amene ndinadikira kwa masabata angapo, popeza mumakhala nkhani ziwiri zolemba zimene zimachongedwa ndi anthu.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene njirayi imaposa zina zonse. Panthawi imene ndinkalemba, mayeso amodzi ankagulidwa ndi ndalama zosafika madola 100, kuwonjezerapo kandalama ka malo olemberako, pamene phunziro lomwelo pa yunivesite likanandidyera madola mazanamazana ndi miyezi inayi. Komanso sindinalipire ambiri mwa mayesowo, chifukwa bungwe la Modern States limapereka maphunziro aulere pa intaneti okonzekera CLEP, ndipo munthu akamaliza kuonera mavidiyo ndi kuyankha mafunso ake amapatsidwa vocha yolipirira mayesowo. Ndinkaonera mavidiyowo pa foni panthawi yopuma kuntchito, cha m'ma 2 koloko usiku odwala atagona. Ndinene mosabisa kuti mavidiyo okhawo sanandikwanire pa phunziro ngati Principles of Microeconomics, moti ndinawonjezera buku laulere la OpenStax ndi mafunso oyeserera a College Board, koma monga poyambira ndi chuma chenicheni.

M'miyezi 14 ndinakhoza mayeso a CLEP asanu ndi anayi. Ena, monga Financial Accounting ndi College Algebra, ndinangowakonzekera sabata imodzi chifukwa ndinali ndikuzidziwa kale kuchokera kwathu, ndipo apa ndi pamene ndinaona nzeru ya dongosolo limeneli: limakulemekeza pa zimene ukudziwa, osakufunsa kumene unaziphunzira. Koma pa American Government ndinagwa ndi malikisi 46. Ndinalowa m'chipindacho ndikudzidalira poganiza kuti munthu amene amaonera nkhani pa TV tsiku lililonse sangalephere mafunso a ndale, kenako ndinakumana ndi mafunso a milandu ya khoti lalikulu ndi mphamvu za makomiti a Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, amene sindinawamvepo. Lamulo lake n'lakuti ukalephera udikire miyezi itatu usanalembenso mayeso omwewo, ndipo miyezi itatuyo inandiphunzitsa kuti mayesowa si chitseko cha kumbuyo cholowera anthu aulesi. Ulendo wachiwiri ndinapeza 58.

Tsopano ndifike pa nyenyezi imene ndachotsa. Mayeso a CLEP amapereka makirediti a mlingo wa zaka ziwiri zoyambirira za ku yunivesite, pamene digiri imafunanso makirediti a mlingo wapamwamba, a chaka chachitatu ndi chachinayi, m'phunziro limene munthu wasankha. Anthu ambiri amene amatamanda njirayi amadumpha mfundo imeneyi, ndipo munthu amayamba ndi chiyembekezo chakuti adzamaliza digiri yonse ndi mayeso okhaokha a mphindi 90. Mayeso a DSST, amene poyamba anakonzedwera asilikali a ku America koma anthu wamba amalembanso, anandithandizako pamenepa, chifukwa ena mwa iwo, monga Money and Banking, amawerengedwa pa mlingo wapamwamba. Mlingo wokhozera ndi 400, ndipo Money and Banking ndi mayeso ovuta kuposa onse amene ndinalemba; ndinawakonzekera masabata asanu ndi awiri. Komabe mayeso oterewa ndi ochepa, choncho maphunziro angapo ndinawachita ndithu ngati wophunzira wamba, kuphatikizapo phunziro lotsekera digiri la Strategic Management limene yunivesite imafuna kuti ulichite kwa iwo, ndipo ndalama zambiri za ulendo wonsewu zinathera m'gawo lomalizali.

Chinthu chimene chinanditayitsa nthawi kwambiri sichinali mayeso konse, koma mapepala a ku Malawi. Makirediti ochokera kunja kwa America sawerengedwa mpaka bungwe lounika maphunziro a kunja, monga limodzi mwa amene ali m'gulu la NACES, litaona transcript yako, chikalata chosonyeza maphunziro amene unachita ndi malikisi ake, ndi kunena kuti phunziro lililonse likufanana ndi chiyani kuno. Bungwelo silinalandire kope imene ndinabwera nayo m'chikwama, koma linafuna kuti koleji yanga yakale itumize yokha mu envelopu yomata ndi yodinda. Achimwene anga anapita ku ofesi ya kolejiyo maulendo asanu, tsiku lina akuuzidwa kuti wosayina wapita kumaliro, tsiku lina kuti mafayilo a chaka chathu ali m'chipinda chimene kiyi wake ali ndi munthu wina, ndipo ntchito imene ndinkaganiza kuti itenga masabata awiri inatenga miyezi isanu. Zotsatira zitabwera, maphunziro ena a dipuloma yanga analowa bwino m'malo mwake, ena anangowerengedwa ngati makirediti owonjezera, ndipo awiri sanawerengedwe n'komwe chifukwa malikisi anga anali otsika.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa ndekha, ndipo ndikufuna aliyense wowerenga ndemangayi amvetsetse. Chifukwa chosapirira podikira mapepala aja, ndinalemba mayeso a Principles of Management ndi Financial Accounting, ndipo ndinakhoza bwino, koma kuunika kutatha zinaoneka kuti maphunziro awiriwa ndinali nawo kale m'dipuloma yanga. Yunivesite siwerenga phunziro limodzi kawiri, choncho mayeso awiriwo anapita pachabe, pamodzi ndi mausiku amene ndinawakonzekera. Dongosolo loyenera n'lakuti munthu ayambe walembetsa ku yunivesite, atumize mapepala onse a maphunziro ake akale, adikire kuti amupatse ndandanda yosonyeza zimene zalowa ndi zimene zatsala, kenako afunse mlangizi wa maphunziro kuti amutsimikizire mwa kulemba kuti mayeso akutiakuti adzatseka mpata wakutiwakuti. Nditayamba kuchita zimenezi sindinatayenso kirediti ngakhale imodzi, ndipo alangizi a ku Thomas Edison ankandiyankha momveka bwino nthawi zonse.

Pali mfundo ina imene ndinaidziwa mochedwa: makirediti a mayesowa amalembedwa pa transcript popanda giredi, motero salowa m'chiwerengero cha GPA, yomwe ndi avereji ya magiredi onse a wophunzira. Kwa ine zimenezi sizinavute, popeza abwana anga ankangofuna digiri kuti andisamutse kuchoka ku mawodi kupita ku ofesi ya malipiro, koma amene akulingalira za digiri yachiwiri, unamwino kapena mayeso a CPA, ovomerezera akatswiri a akawunti, ayenera kufunsiratu sukulu kapena bungwe limene akufuna kudzalowa ngati limalandira makirediti otere, chifukwa ena amafuna kuti maphunziro ena akhale a m'kalasi ndi giredi yake. Ndiponso amene ali pa viza ya wophunzira afunse kaye ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu yawo, chifukwa kulemba mayeso sikulowa m'malo mwa kulembetsa maphunziro a semesita.

Ndikawerengetsa, kuyambira tsiku limene ndinatumiza achimwene anga ku ofesi ija mpaka tsiku limene satifiketi inafika pa positi panapita zaka ziwiri ndi miyezi itatu, ndikugwirabe ntchito mausiku anayi pa sabata, ndipo sindinatenge ngongole ya sukulu. Mabuku anga okonzekera mayeso ndinawapereka kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene timagwira naye ntchito, ndipo ndamuuza kuti asawatsegule mpaka envelopu yake yochokera kwathu itafika.