Facebook kapena WhatsApp: yodzutsa anthu kuno ku Mchinji ndi iti?

Anzanga a m'magulu a achinyamata akhala akundifunsa kuti pofuna kusonkhanitsa anthu pa nkhani za chitukuko adalire iti. Ine ndili kumbali ya WhatsApp, sindibisa.

Facebook imathandiza mukafuna kuti akuluakulu achite manyazi. Mukajambula mlatho wogumuka n'kuika pamenepo, atolankhani amaona, phungu naye amamva kutentha. Koma titalengeza pamenepo za msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) wokambirana ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), tinaona zina. Ndemanga zinasefukira, aliyense akuti tili limodzi, apa mwalasa. Tsiku litakwana, mabenchi ambiri anali opanda anthu. Pofufuza tinapeza kuti olembawo ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni. Mtima wokonda kwawo ali nawo ndithu, koma sangabwere kudzakhala pansi pa mtengo kwa Kamwendo n'kufunsa khansala kuti mdadada wa sukulu uja unaimiranji pa mawindo. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti kanema amene tinaulutsa kuti akutaliwo aonere anatha bandulo yonse ya gulu, ndalama imene tinasonkherana titagulitsa mtedza.

Pa WhatsApp mphamvu ili mu uthenga wa mawu. Mayi wosadziwa kuwerenga amaumva pa foni ya mwana wake, n'kukauza anzake kuchigayo. Komanso m'gulumo mumadziwana, a nyakwawa alimo, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) alimo. Ukalonjeza kubwera n'kujomba, mawa ukumana nawo pamjigo. Wina akati kuvota sikusintha kanthu, timamuyankha modekha ngati mnansi, kumukumbutsa kuti pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, anthu n'kuvotanso pa 23 June. Pa Facebook nkhani yomweyo imathera m'kutukwanizana kwa zipani.

Choipa chake ndi mabodza, amene amathamanga m'magulu nthawi ya kampeni. Woyang'anira gulu akhale wolimba mtima, azichotsa zopanda umboni ngakhale atumiza ndi malume ake. Dziwaninso kuti pali lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, ndipo anthu anamangidwapo kale chifukwa cha zomwe analemba m'magulu otere.

TikTok imakoka achinyamata, koma bandulo yake ndi yosapiririka. Kwa agogo opanda foni yamakono, chilengezo timakasiyabe ku wailesi ya Mudzi Wathu.