Buku la bayoloje la Fomu 3 ndi 4 lomwe ndagula pa Boma, maganizo anga

Kwa makolo amene ana anu akulemba MSCE chaka chino, ndikufuna ndikuuzeni za buku la bayoloje lomwe ndinagulira mtsikana wanga mu shopu ya mabuku pa Boma pano pa Mangochi. Mtengo wake ndi wowawa ndithu, koma ine ndikuti gulani.

Olemba ake ndi malekichala a ku yunivesite, anthu oti m'mawa ali m'kalasi akuphunzitsa, tchuthi chikafika ali pa boti ndi maukonde ndi timabotolo kupanga kafukufuku, kenako usiku nkumalemba, ndipo zimaoneka munthu ukamawerenga kuti awa nsomba anazigwirapo ndi manja. Pa mutu wa kuberekana sanatengere ana kutali, afotokoza za chambo chomwechi timagula kwa Makawa, kuti yaimuna imakonza chisa pa mchenga, yaikazi nkusunga mazira ndi tiana mkamwa mpaka titakula pang'ono. Mwana wanga atawerenga pamenepo anati amayi, ndiye nchifukwa chake amatseka nyanja eti, khoka likagwira mayi mmodzi ndekuti lapha banja lonse. Zimenezo palibe anamuloweza, wazimvetsa yekha.

Mutu umene wandigwira mtima kwambiri ndi wa likodzo. Ife kuno timangodziwa kuti mwana akayamba kukodza magazi mupite naye kuchipatala akamwe praziquantel basi, koma bukuli layenda nawo ulendo wonse, mazira kutuluka ndi mkodzo, kuswa m'madzi, kulowa mu nkhono, nkutulukamo tizilombo tomwe timaboola khungu la munthu akamasamba kapena kutsuka mbale m'mphepete mwa nyanja. Izi anthu anazifufuza kuno komwe, pulofesa Jay Stauffer wa ku Penn State ku America ndi anzake anagwira ntchito zaka zambiri ku Cape Maclear ndipo anaonetsa kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa chopha mopyola muyeso, nkhono zinachuluka, likodzo nalo linakwera. Ndiye tangoganizani mwana wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, akuwerenga zimenezi, akuwerenga za pakhomo pake penipeni. Paki ya Lake Malawi ija inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala, koma ana athu ambiri amamaliza sukulu osadziwa kuti azungu amadutsa pa Mangochi pano kudzaphunzira chani.

Zodandaula zilipo. Zithunzi ndi zakuda ndi zoyera, mbuna yokongola ija ikungooneka ngati chithunzithunzi. Guluu wake ndi wofooka, masamba apakati ayamba kale kuthothoka moti ndachita kusoka ndi ulusi. Komanso ntchito zina zoyeserera zikufuna maikulosikopu, pomwe ma CDSS ambiri kuno labu alibe, apa olembawo akanaganizira mphunzitsi wa kwa Katuli kapena Makanjira kuti agwiritse ntchito chani.

Za shopuyo, mnyamata wogulitsa anandilola kutsegula nkuona mitu yonse ndisanalipire, risiti anandipatsa, ndalama ya pa foni amalandira. Anali ndi makope ochepa, ndiye imbani kaye kapena mufike m'mawa.

Ena akuti bwanji osangopanga fotokope, ndikumvetsa ndalama zavuta, koma ine zimandipweteka chifukwa amene analemba anathera nthawi yawo yambiri ndipo kakobiri kamene amapezapo kamachokera pa buku logulidwa. Ngati simungakwanitse nokha sonkherani makolo atatu anayi, ana azibwerekana. Wangayu tsopano akufunsa za koleji ya Fisheries ku Mpwepwe ndi maphunziro a nsomba a ku Bunda, ndiye amene muli ndi mwana kumeneko tandiuzeni amafuna mapointi angati.