Albamu yosungira ndalama zachitsulo: ndi yabwino, koma itadzaza mtima wanga sunakhale m'malo

Albamuyi ndinaigula pa shopu ina ya mabuku ndi zolembera mtauni muno mu Mzuzu, mtengo wake unali wokwerako ndithu koma sindikudandaula. Ili ndi chikuto cholimba chabuluu, mkati muli mapeji a pulasitiki okhala ndi timatumba tating'ono, ndalama iliyonse kathumba kake, ndipo ukatembenuza peji umaona mbali zonse ziwiri osaigwira ndi manja. Kwa ife a Mzuzu zimenezi n'zofunika kwambiri, chinyezi cha kuno mukuchidziwa, mvula yamawawa ija ikayamba chilichonse m'nyumba chimanyowa, ndiye ma 1 tambala ndi ma 2 tambala ofiira aja ukawasiya m'chitini amayamba kubiriwira. Chiwaikireni umu sindinaonepo banga latsopano.

Zovuta zilipo ziwiri. Timatumba n'tofanana kukula, ndiye 1 tambala imayendayenda, albamu ukaiimika chadodolido imatha kupulumuka. K10 yaikulu ija ya zitsulo ziwiri, yolembedwa 2006, nayo imalowa mokakamiza mpaka pulasitiki kutuwa m'mbali. Komanso palibe polemba chaka, ndinachita kudula timapepala n'kumamata ndekha.

Cholinga changa chinali ndalama zachitsulo za Malawi zomwe anthu ankagulira zinthu, kuyambira 1964 mpaka zing'onozing'ono za 2012 zija. Apa mpamene albamu inandisangalatsa zenizeni chifukwa ukazindandalika peji limodzi umaona zinthu zomwe m'chitini sungazione. Sheleni ya 1964 ili ndi chithunzi cha chimanga, ndipo kwacha itabwera mu 1971 chimanga chomwecho chinasamukira pa 10 tambala, poti sheleni imodzi inasanduka 10 tambala. Njovu za pa 2 sheleni zinapita pa 20 tambala, kenako mu 2012 njovuzo n'kudzapezeka pa K10. Chithunzi cha tambala chomwe chinali pa sikisi chinapita pa 1 tambala. Mu 1986 kunabwera 50 tambala ndi K1, nkhope ikadali ya Kamuzu, kenako cha m'ma 1995 nkhope ya a Muluzi, K1 n'kukhala ndi nkhwazi. Mwana wanga wa sitandade 6 mbiri ya dziko lino waiphunzira pamapeji amenewa, amakhala pansi n'kumafunsa kuti adadi, 5 tambala munkagulira chiyani.

Koma ndikuuzeni chilungamo abale, chomwe chandilembetsa ndemangayi si pulasitiki ayi. Kathumba kamodzi kanakhala kopanda kanthu nthawi yaitali, ka hafu kolona (ndalama ya masheleni awiri ndi sikisi) ya 1964, ija ili ndi chizindikiro cha dziko kumbuyo. Kathumba kameneka kanandiyendetsa. Loweruka lililonse ndinali ndi kopita, mwina ku msika wa Zigwagwa kukafunsa madala ogulitsa zitsulo zakale, mwina ku Chibavi kwa azimayi akale a kumpingo omwe amasunga zinthu pansi pa sutukesi, ndipo paliponse unkayamba wamwa tiyi, kumva nkhani za nthawi ya Fedulo, za ndalama yobowola pakati ya Rhodesia and Nyasaland, za malipiro a ku Wenela, kenako ndiye chitini chituluke. Ena ankandikayikira kuti mwina ndine wa aja amasaka ndalama zakale ati n'zolemeretsa, ndinkachita kuwatsegulira albamu kuti aone okha, akaona mitima inkakhala pansi.

Ndalamayo inapezeka ku Ekwendeni kwa agogo ena, abale a mnzanga wa kuntchito. Anaimasula pa kansalu komanga mfundo, yakuda ndi ukalamba koma zilembo zonse zikuwerengeka. Ndinafuna kuwalipira anakana, anati “mwanangu tenga, kuno ingotayika, adzukulu sadziwa n'komwe kuti ndi ndalama.” Ndinawasiyira shuga ndi sopo basi. Mu minibasi pobwerera ndinaifumbata m'thumba la malaya njira yonse, chimwemwe chake ngati tsiku lotuluka zotsatira za mayeso.

Nditafika kunyumba ku Luwinga ndinailowetsa m'kathumba kaja, ndinatembenuza mapeji onse kuyambira koyamba, palibe mpata olo umodzi. Ndinaitana mayi a kunyumba aone, anati zikomo mwamaliza. Mawu akuti mwamalizawo anandilasa. Loweruka lotsatira ndinadzuka m'mawa mwachizolowezi koma kopita kunalibe, ndipo ndinayamba kuwasowa madala aja, ena mwa iwo anatisiya kale albamu isanadzaze, ndalama zawo zili umu ndipo ndikayang'ana ndimadziwa kuti iyi anandipatsa uje, iyi uje. Ndine wokondwa, musandimve molakwa, koma mtima ukuwawa ndithu, makamaka podziwa kuti masiku ano ndalama zachitsulo anthu sazifunanso, ngakhale K10 wogulitsa tomato amaikana, ndiye mwana amene angayambe lero sadzazipeza pa chenji ngati mmene ife tinkachitira.

Albamuyi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha timatumba tofanana tija. Amene mukufuna kugula funsani ngati ali ndi mapeji owonjezera ogulitsa paokha, yanga ilibe, ndipo muziisunga chogoneka mu kabati kutali ndi khoma lonyowa. Ndalama zakale musamazikweche ndi phulusa kapena sitiliwulu kuti ziwale, zilembo zimafufutika, ingopukutani ndi kansalu kouma. Ndili ndi ma 20 tambala a njovu ndi ma K1 a chithunzi cha tambala angapo otsala, alipo mwana wa sukulu amene wayamba kutolera ndimupatsa ulere.