Miyezi 14 ndi makina a MGIT 960 m'labu ya TB

Makinawa, amene timabzalamo makhololo a odwala kuti tione ngati mumera tizilombo ta TB, atangofika m'labu mwathu ndinawatamanda chifukwa cha liwiro lokha. Ndinkauza aliyense kuti zodikira milungu 8 tisanayankhe dokotala zatha. Papita miyezi 14 tsopano, ndagwira nawo ntchito m'dzinja, m'chisanu ndi m'chilimwe, ndipo mawu aja akufunika kuwonjezerapo zina. Liwirolo lilipodi. Makhololo okhala ndi tizilombo tambiri amayatsa nyali yofiira pakatha sabata imodzi kapena awiri, pamene pa Löwenstein-Jensen, chakudya cha mazira chobiriwira chomeretsera tizilombo chimene timangoti LJ, tinkadikira milungu itatu, inayi, mwinanso kuposerapo tisanaone kanthu. Koma chimene makinawa amadziwa ndi chimodzi chokha, chakuti m'chubu muli chamoyo chimene chikumwa mpweya. Zina zonse zimatsalira manja ndi maso athu.

Kwa amene sanawaonepo, ndi chimakina chotalika ngati furiji, chopangidwa ndi kampani ya Becton Dickinson. Chili ndi madirowa atatu, lililonse lolowa machubu 320, ndiye onse pamodzi 960, ndipo m'kati mwake mumatentha madigiri 37 ngati m'thupi la munthu. Chubu chilichonse chimabwera ndi msuzi wokwana mamililita 7 wotchedwa Middlebrook 7H9. Pansi pa chubucho pali kamphira kokhala ndi mankhwala amene amawala akaunikidwa, koma okosijeni akakhala wambiri m'msuzimo amazimitsa kuwalako. Tizilombo tikayamba kuswana timatha okosijeniyo, kuwala nkumakwera. Makina amayeza chubu chilichonse ola lililonse, usiku ndi usana, Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Kuwala kukafika pa mlingo wake, nyali yofiira imayaka. Masiku 42 akatha popanda kanthu, imayaka yobiriwira. Bungwe la WHO linavomereza mu 2007 kuti maiko osauka nawonso azibzala TB m'msuzi chotere, chifukwa kupatula liwiro, msuzi umagwira odwala ena amene LJ imawaphonya.

Pamene ndinaphunzira zambiri ndi mu Okutobala. Dzuwa litaswa mtengo, makhololo ochokera kuzipatala zakutali ankatifika atagona m'njira masiku angapo, ayezi wa m'bokosi atasungunuka kalekale. Tikabzala lero, mawa kapena mkucha nyali yofiira ngwee. Kachilombo ka TB sikathamanga choncho, kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawike kamodzi, pamene tizilombo tina ta m'kamwa timachita zimenezo ola lisanathe. Ukatulutsa chubucho nkuchiyang'ana pa kuwala, msuzi wonse wachita mbuu ngati thobwa losungunula. TB yeniyeni imasiya msuzi uli mbee, nkumaoneka tinyenyeswa toyera pansi, timene timauluka ngati gaga ukachigwedeza pang'ono. Msuzi umene umakoma kwa TB umakomanso kwa namsongole. Mankhwala asanu a PANTA, opha tizilombo tolowerera, amene timathiramo tisanabzale amathandiza, koma sangagonjetse makhololo amene awolera m'njira.

Apa tinalakwitsa ife eni ake, ndipo ndikulemba kuti anzanga a m'malabu ena asapunthwe pomwepa. Poona kuti machubu oipitsidwa achuluka kupitirira 8 kapena 10 pa 100 amene amaloledwa m'msuzi, tinayamba kusiya makhololo m'mankhwala otsukira a NALC-NaOH (NALC wosungunula makhololo ndi soda wopha tizilombo tolowerera) nthawi yotalikirapo. Vuto linaoneka ngati latha, mwezi wonse pafupifupi osaona chubu cha mbuu. Ndinakondwa. Kenaka mnzanga wina wachikulire pa ntchitoyi anatenga kaundula, nkuloza mizere itatu ndi chala. Onse atatuwo anali makhololo amene pa maikulosikopu tinaona tizilombo ndi maso athu, a odwala amene anali asanayambe mankhwala, koma m'makina anatha masiku 42 osamera. Anangoti, “Achimwene, tapalira mpaka tazula chimanga.” Soda ameneyu sasankha, akakhalitsa amapha TB yomwe. Labu imene sikuona chubu choipitsidwa ngakhale chimodzi iyenera kuda nkhawa chimodzimodzi ndi imene ikuona zambiri.

Tinabwerera pa mphindi 15, ndi wotchi yolira, osati kuyerekeza. Tinachepetsa machubu otsuka nthawi imodzi, chifukwa ukawandandika ambiri, pofika pa lomaliza loyamba lija lapsa kale. NALC timasungunula watsopano m'mawa uliwonse. Madzi a phosphate othetsera mphamvu ya soda timawagawa m'timabotolo ting'onoting'ono, kuti kamodzi kakaipa kasaipitse ntchito ya tsiku lonse. Ndipo tinapita kukakambirana ndi otumiza makhololo za ayezi ndi masiku otumizira. Pa zonsezi palibe chimene chinafuna kukhudza makina.

Nyali yofiira ikayaka ntchito ndiye imayamba. Chubucho timachitsegulira m'kabati yotetezera, chifukwa msuzi wodzaza TB ukathovoka ndi woopsa kuposa makhololo amene unachokera. Timapaka pa galasi nkuthira utoto wa Ziehl-Neelsen. TB yomera m'msuzi imakonda kulukana, timitengo tofiira tija nkupanga zingwe zopotana ngati chingwe cha khonje, ndipo mpaka lero ndikaziona mtima umagunda. Dontho lina timabzala pa mbale ya magazi kuti tione ngati mulinso tizilombo tolowerera, lina pa kapepala koyeza MPT64, puloteni yotulutsidwa ndi tizilombo ta TB, kamene kamayankha m'mphindi 15. Kangapo konse ndapeza timitengo tofiira tomwazikana topanda zingwe, kapepala nkukana. Amenewo ndi abale ake a TB, a m'madzi ndi m'dothi, amene amavutitsa makamaka anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, ndipo mankhwala ake ndi ena. Tikanangokhulupirira nyali, anthu amenewo akanamwa mankhwala osayenera miyezi 6.

Za magetsi ndinene mwachidule. Popanda batire lalikulu, jenereta yodalirika ndi choziziritsa chipinda, musawagule. Machubu ndi okwera mtengo kuyerekeza ndi LJ imene timaphika tokha ndi mazira, ndipo ali ndi tsiku lothera ntchito, choncho kuitanitsa kumafuna kuwerengera bwino. LJ sitinaitaye. Makhololo aliwonse timabzala pawiri, ndipo nthawi zingapo msuzi utaipa, LJ ndiyo inatipulumutsa kuti tisabwezenso wodwala kukatsokomola.

Ena amandifunsa kuti nanga zonsezi nzachiyani pamene GeneXpert, njira ina yoyezera makhololo pa makina imene WHO inavomereza mu 2010 ndipo ili m'zipatala zambiri za m'maboma kuno ku Malawi, imayankha m'maola awiri. Pa ntchito yopeza matenda koyamba, GeneXpert ndi yabwino zedi. Koma imawerenga DNA, ndipo kachilombo kakufa kamakhalabe ndi DNA yake. Singakuuzeni ngati mankhwala akugwira. Kwa wodwala TB yosamva mankhwala, amene timamuyeza mwezi ndi mwezi, funso nlakuti kodi m'mapapo mukadali chamoyo? Chubu cha msuzi chimayankha zimenezo, ndipo apa mpamene makinawa andigwira mtima kuposa liwiro lija ndinkatamanda poyamba.

Masiku amene chubu chimatenga chisanayake ndimawalemba m'kaundula pambali pa nambala ya wodwala, ngakhale fomu siifunsa. Pali mayi wina amene sindinamuonepo nkhope, ndimangodziwa nambala yake ndi dzina la chipatala chakwawo. Chubu chake choyamba chinayaka sabata isanathe. Cha mwezi wotsatira chinadikira milungu iwiri ndi masiku. Chinacho chinafika sabata yachinayi, nkuyakabe. Dokotala wake ataimba foni ali wokhumudwa, ndinati, “Adokotala, zoona chayaka, koma taonani masikuwo. Tizilombo tikuchepa, mayiwa asasiye mankhwala.” Chachinayi chinatha masiku onse 42, nyali yobiriwira nkuyaka, ndipo ndinachiyang'anabe pa kuwala ndisanachitaye, msuzi uli mbee. Pamafunika ziwiri zotsatizana zotere kuti tinene kuti makhololo ayera. Chachisanu chili m'dirowa lapakati, lero ndi tsiku la 31, ndipo m'mawa uno ndisanavale nkomwe gawuni ndinayamba ndapita kukaona. Sichinayake.