Ndemanga: Mark X ya 2012 ndi wogulitsa amene ndinanenererana naye masiku anayi

Papita miyezi isanu chigulireni galimotoyi, ndipo ndayenda nayo mokwanira moti tsopano ndingathe kunena zoona, osati za chimwemwe cha sabata yoyamba. Ndi Toyota Mark X ya 2012, yoyera, ya petulo, injini ya V6 ya malita 2.5. Ndinaigula mu June 2024 pa yadi ina yogulitsa galimoto zochokera ku Japan kuno ku Mzuzu. Dzina la malowo sinditchula. Galimotoyo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Wogulitsayo zitatu, ndipo yachitatuyo ndamupatsa chifukwa titamupeza ndi zinthu zosalongosoka sanakwiye kapena kutithamangitsa.

Ine ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira. Kwa zaka 9 galimoto yanga inali pikapu imodzi yomweyo: kunyamula simenti ndi yomweyo, kutchalitchi ndi yomweyo, kumaliro ndi yomweyo. Mayi akunyumba anachita kunena kuti atopa kufika pachinkhoswe chitenje chili mbuu ndi fumbi la simenti. Ndiye ndinayamba kuyang'ana galimoto yoti munthu ukatsika pabanki, mlonda asakulozere koimika malole.

Tsiku loyamba sindinakumane ndi mwini wake. Anandilandira pageti ndi dobadoba, ngakhale panthawiyo sindinamuzindikire. Anali atatchena, makiyi ali m'manja, akuyankhula ngati yadi yonse ndi yake. Galimoto anali ataipukuta ili waliwali, matayala atawapaka zakuda zija, m'kati mukununkhira. Ine ndinalakwitsa pomwepo. Ndinakhala pampando, n'kugwira chiwongolero, n'kuyamba kumwetulira. Munthu wamkulu ndithu, wogulitsa malonda tsiku ndi tsiku, kukaonetsa mano pamaso pa wamalonda mnzanga! Mnyamatayo ataona choncho anangoti, "Bwana, imeneyi ndiye yanu. K24.5 miliyoni, koma poti ndi inuyo tikambirana."

Madzulo ake ndinaimba nambala yomwe inali pachikwangwani chapageti. Anayankha munthu wina, mwini wake weniweni, ndipo iye anati K23.5 miliyoni. Miliyoni yathunthu kugwa ndi foni ya mphindi ziwiri. Dobadoba uja sindikumuda, nayenso ali ndi ana ofuna kudya, koma miliyoni si ya sopo.

Mwini wakeyo ndinakumana naye tsiku lachiwiri. Ndi wachinyamata, waulemu, wosakaniza Chichewa ndi Chitumbuka monga timachitira kuno. Ndisanatchule n'komwe mtengo wanga anayamba kundiwerengera mavuto ake: dola ikusowa m'mabanki, sitima yakwera, ndalama zapadoko ku Dar es Salaam, dalaivala woiyendetsa mpaka pachipata cha Songwe, kenako msonkho wa MRA umene umakula potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Anamalizira ndi nkhani yomwe aliyense wogulitsa chilichonse ankamalizira nayo masiku amenewo, ya kugwa kwa kwacha mu November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, kenako ndinati, "Achimwene, ine ndili ndi K18 miliyoni."

Anaseka mpaka kugwira pabondo. "Adada, imeneyo ndi ya Axio."

Koma ine ndinali nditaona kanthu kena dzulo lake. M'mphepete mwa malabala a mawindo munali ndere zobiriwira, ndipo pansi pa galimoto udzu unali utayera chifukwa chosaona dzuwa. Kuno ku Mzuzu, ndi chinyezi chathuchi, galimoto ikakhala malo amodzi dzinja lonse imadziulula yokha. Ndinapempha mapepala a kasitomu. Anazengereza pang'ono koma anabweretsa, ndipo deti lake linali la October 2023. Ndinamuuza kuti galimotoyi inalowa m'dziko dola isanakwere, msonkho unalipiridwa pa mtengo wakale, nanga kugwa kwa kwacha kukubwera bwanji pamenepa?

Yankho lake linandisowetsa chonena, ndipo ndilemba monga analiyankhulira. "Adada, inu muli ndi shopu. Simenti yomwe inali m'shopu mwanu tsiku limene kwacha inagwa munaigulitsa pa mtengo wakale? Mukanatero mukanakapikula ndi chiyani ina?" Ndinangoti kukamwa yasa. Zoona zake n'zakuti ine ndinasintha mitengo m'mawa womwewo, ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Wamalonda sagulitsa poyang'ana zomwe anagulira, amayang'ana zomwe akagulire ina. Mfundo yanga, yomwe ndinagona nayo usiku wonse ndikuiona ngati nkhwangwa, inangogwetsa miliyoni imodzi basi, ndipo inagwetsa chifukwa choti galimoto yakhala miyezi 8 osagulidwa, osati chifukwa cha dola. Tinafika pa K22.5 miliyoni.

Tili pomwepo foni yake inalira. Anapita chapatali, koma osati patali poti ndisamve, n'kumayankha mokweza kuti, "Eya bwana, ikadalipo, mukanyamuka ku Karonga m'mawa muipeza." Atabwerera ndinamuuza kuti ngati a ku Karonga ali ndi K22.5 miliyoni awagulitse, Mulungu awadalitse. Munthu wa ku Karonga ameneyu sanafike mawa lake, kapena mkuja. Ndikuganiza akadali pa Chiweta mpaka lero.

Chimene chinagwetsadi mtengo ndi tsiku lachitatu, ndipo sindine amene ndinaugwetsa. Ndinapita ndi alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, omwe ndi makaniko. Iwo anaumirira kuti tifike 6 koloko m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa zambiri. Mukudziwa kuzizira kwa June kuno, nkhungu ili tolo. Tinapeza anyamata apayadi akulimbana nayo, ataikokera mawaya kuchokera ku batire la galimoto ina. Batire lake linali litafa kalekale. Italira, injini inali phee, yopanda utsi, yopanda kugogoda. Alamu anagwedeza mutu n'kundinong'oneza kuti injini ndi yabwino koma ndisaonetse nkhope. Anawonjeza kuti injini imeneyi imayendera tcheni osati lamba, choncho nkhawa yosinthitsa lamba palibe.

Kenako anayamba kuizungulira pang'onopang'ono ngati munthu wogula ng'ombe. Anakoka lamba wapampando mpaka kumapeto kuti aone kansalu kolembedwa chaka, ndipo kanagwirizana ndi 2012. Anagwada pamatayala n'kundionetsa manambala anayi olembedwa m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Panalembedwa 3817, kutanthauza sabata ya 38 ya 2017. Komanso anali matayala oyendera pa chipale cha ku Japan, a labala yofewa, omwe pa phula lotentha la kunyanja amatha ngati sopo. Mapanga ake ankaoneka akuya ndithu, ine pandekha ndikanati ndi atsopano.

Chachikulu anachipeza atatsegula chitseko cha dalaivala. Pachipilala panali kapepala komata ka ku galaja ya ku Japan, kolembapo tsiku losinthira oyilo. Zilembo zake sitinaziwerenge, koma manambala amawerengeka: R3, ndi 104,000 km. Alamu anafotokoza kuti ku Japan amawerenganso zaka potengera mfumu yomwe ili pampando, R1 ndi 2019, ndiye R3 ndi 2021. Pa dashibodi galimoto inkaonetsa 71,000 km. Ndiye kuti mu 2021 inali itayenda kale 104,000, koma pofika 2024 yabwerera m'mbuyo.

Alamu anamuitana mwini wake n'kungoloza, osanena kanthu. Iye anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Anati anaigula choncho, mita sanaigwire ndi iye, ndipo pepala la ku okishoni lomwe likanatsimikiza linasowa. Kaya n'zoona, ine sindinganene, chifukwa galimoto imadutsa m'manja ambiri isanafike kuno. Chomwe ndinganene n'chakuti masiku awiri onse anali akundigulitsa "71,000 yokha, adada, ngati yatsopano", ndipo kapepalako kanali pamalo poti wopukuta galimoto aliyense akanakaona. Nyenyezi ziwiri zomwe ndamumana zija anazitayira pamenepa.

Poiyesa anafuna tingozungulira ku Katoto n'kubwerera. Tinakana. Ndinathira petulo wa ndalama zanga, tinalowera msewu wa ku Nkhata Bay komwe kuli zitunda ndi makona. Magiya ake 6 ankasintha osamveka n'komwe, pokwera inkakoka ngati sikudziwa kuti pali chitunda. Koma pa mabampu kumbuyo kunkachita nyeng'unyeng'u, ndipo titaima alamu anapeza shoki imodzi yanyowa ndi oyilo.

Tsiku lachinayi ndinapita ndi kapepala kolemba pamanja: matayala anayi, batire, mashoki awiri akumbuyo, oyilo ndi mafyuluta, chilichonse ndi mtengo wake wa m'mashopu a m'tauni muno. Sindinatchulenso za sukulu fizi ya ana kapena kuvuta kwa bizinesi, zomwe ndinayesa tsiku lachiwiri iye n'kundiyankha ndi mavuto ake oposa anga. Ndinangoika kapepalako pa boneti n'kunena kuti K19.5 miliyoni. Iye anati K21.5 miliyoni, omaliza. Ndinati K20.5 miliyoni, ndalama ilowa mu akaunti lero lomwe dzuwa lisanapendeke. Anakhala chete, nanenso chete. Kukhala chete kumeneko n'kovuta kuposa kuyankhula, pakamwa pamachita kuyabwa kuti uwonjezere kenakake. Alamu anandiponda phazi. Tinatsanzika n'kuyamba kulowera kugeti, ndipo moona mtima, mtima wanga unali utatsalira pampando uja.

Tisanatuluke anaitana. "Adada, bwerani. K20.8 miliyoni, batire latsopano ndiika ine, kulembetsa ndi COF ndipanga ine." Tinagwirana chanza.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachita bwino popanda kuuzidwa. Galimotoyo inali isanalembetsedwe kuno, ndiye ndinalipira K20 miliyoni kudzera kubanki, K800,000 n'kuigwira mpaka nambala ndi mapepala a ku Road Traffic zitatuluka m'dzina langa. Tinalemberana, mboni ziwiri n'kusaina. Anadandaula kuti sindikumukhulupirira, ine ndinati ndikumukhulupirira kwambiri, n'chifukwa chake ndikudziwa kuti K800,000 aipeza msanga. Analonjeza sabata imodzi. Zinatenga masabata asanu, ndipo kuchedwako kunali kwa iye, chifukwa anapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto zina mapepala anga ali m'dirowa. Foni ankayankha, izi ndimuyamikire, koma yankho linali lomwelo: "Mawa, adada." Ndikanalipira zonse, kaya ndikanadikira mpaka liti.

Za galimotoyo payokha, pamsewu wautali ndi yosangalatsa. Ndapita nayo ku Lilongwe kawiri kudzera ku Chikangawa ndi Jenda, ndipo ndimafika msana uli bwinobwino, zomwe pikapu sinandichitirepo. M'kati muli zii, mumacheza osakweza mawu. Kupitirira lole pachitunda n'kungoponda pang'ono. Chisinthireni matayala ndi mashoki sindinakonzetsenso china chilichonse kupatula oyilo, ndipo zipangizo zake alamu amazipeza mosavuta.

Koma imamwa. M'tauni ndimapeza makilomita 8 pa lita, paulendo 11 kapena 12 ndikamayenda modekha. Thanki yake ndi ya malita pafupifupi 70, ndiye pa mtengo wa mu 2024 wa K2,530 pa lita kudzaza kunkafuna pafupifupi K180,000. Mizere ya mafuta itavuta mu October ndi November inakhala masiku ambiri pakhomo itafundidwa, ine n'kubwerera ku pikapu yanga ya dizilo, nayonso ikapezeka. Chachiwiri, ndi yotsika. Kukaona abale ku Masasa kapena ku Mchengautuba ndimachita kusankha njira, ndipo pa mahampu ena ndimadutsa chopingasa, pansi pakukhula, mtima ukuwawa. Mphamvu yake imapita kumatayala akumbuyo, choncho pamatope ofiira athuwa imavina. Amene mumakhala kutali ndi phula, kapena mumapita kumudzi pafupipafupi nthawi ya mvula, imeneyi si yanu.

Ndikawerengera zonse, matayala, mashoki ndi sevisi yoyamba zinandidyera K1.4 miliyoni, ndiye galimotoyi yandifikira pa K22.2 miliyoni. Alamu akuti tikanapirira sabata ina akanatsika ndi theka la miliyoni, poti malo apayadi ankawafuna kuti aikepo zatsopano zija. Mwina. Iwo sanali ndi munthu kunyumba wofunsa madzulo aliwonse kuti galimoto ija ili kuti.

Ndingabwererenso kwa wogulitsa ameneyu? Eya, koma ndi alamu, ndiponso 6 koloko m'mawa. Sabisa mapepala ukawapempha, salusa ukamupeza ndi cholakwika, ndipo batire anaikadi latsopano, lisiti lake ndili nalo. Koma zomwe sunafunse sakuuza, ndipo ndalama ikangolowa changu chake chimatha. Kiyi wachiwiri anati ali ku Dar es Salaam kwa ejenti wake, abwera ndi ulendo wotsatira. Maulendo adutsa atatu. Dzulo ndamuimbiranso, wati Lachisanu.