Mahedifoni, masewera a pakompyuta kapena pakamwa pa kholo: n'chiti chimathandiza mwana wovutika kulankhula ndi kuwerenga?

Mwana wanga wachiwiri anakwanitsa zaka zinayi akulankhula chinenero chimene tinkachimva anthu awiri okha, ine ndi mchemwali wake. Galu anali "dalu", kapu inali "tapu". Ukamutuma zinthu ziwiri ankabwera ndi chimodzi, nthawi zina chimene sunachitchule n'komwe. Atayamba sukulu vuto linasamukira m'buku. Lembo limene walidziwa Lolemba, pofika Lachitatu ankaliyang'ana ngati mlendo. Makolo anzanga amene muli pamenepa mukudziwa zimene zimachitika usiku ana akagona: foni m'manja, kufufuza njira zothandizira mwana pakhomo, ndipo njira iliyonse ikudzitama kuti ndiyo yokhayo. Ine ndaziona kuti zili m'magulu atatu, ndipo sizofanana mphamvu ngakhale pang'ono.

Koma musanasankhe, kayezetseni makutu a mwanayo. Ana ambiri aang'ono amakhala ndi madzi otsakamira kuseri kwa kachikopa ka mkati mwa khutu, makamaka akachoka kudwala chimfine. Sizipweteka nthawi zonse, mwana sadandaula, koma mawu amawamva ngati ali pansi pa bulangete. Palibe pulogalamu imene ingachotse madzi amenewo. Ndipo vuto limene amalitcha auditory processing disorder, loti makutu amamva bwinobwino koma ubongo umavutika kusanja zimene zamvekazo, akatswiri a makutu nthawi zambiri saliyeza mwana asanafike zaka 7. Choncho wina akakuuzani pa intaneti kuti mwana wanu wa zaka zinayi ali nalo, kungoyankha mafunso khumi okha, gwirani kaye chikwama chanu.

Gulu loyamba ndi la kumvetsera nyimbo pa mahedifoni. Gwero lake ndi madokotala awiri a ku France. Alfred Tomatis ankakhulupirira kuti pakamwa pamatulutsa zokhazo zimene khutu limatha kumva, ndiye anapanga chipangizo chomvetsera nyimbo za Mozart ndi mawu a mayi, atachotsamo maliwu ena n'kukweza ena. Guy Bérard anabwera ndi njira yake yaifupi: theka la ola, kawiri patsiku, kwa masiku 10, kukwana maola 10. Mapulogalamu ambiri ogulitsidwa lero kuti mwana azimvera pakhomo anatuluka m'maganizo omwewo. Kukoma kwake n'kodziwikiratu. Mwana amavala mahedifoni n'kumajambula zithunzi, kholo likupuma. Palibe kukangana, palibe misozi. Ndikuvomereza kuti inenso zinandikopa, chifukwa panthawiyo ndinali nditatopa mpaka m'mafupa. Vuto ndi lakuti umboni palibe. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena mu 1998 kuti njira ya Bérard ija, yotchedwa auditory integration training, ilibe umboni wokwanira, ndipo bungwe la akatswiri a kalankhulidwe ndi kamvedwe, ASHA, linafika pa mfundo yofanana. Makolo ena amanena moona mtima kuti mwana wawo anasintha. Sindikuwatsutsa. Koma mwana wa zaka zisanu amasintha ndithu pa miyezi itatu, kaya wavala mahedifoni kaya ayi, ndipo kholo limene lalipira ndalama zambiri limayamba kutchera khutu ku liwu lililonse latsopano.

Gulu lachiwiri ndi masewera a pakompyuta kapena patabuleti, ndipo apa tisafulumire kuweruza, chifukwa nkhani yake ndi yozama. Odziwika kwambiri ndi Fast ForWord, amene anatuluka cha m'ma 1997 kuchokera ku kafukufuku wa Paula Tallal ndi Michael Merzenich. Maganizo awo anali omveka. Kusiyana kwa "ba" ndi "da" kumachitika koyambirira kwenikweni kwa liwu, m'kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Ngati ubongo wa mwana umachedwa kugwira kanthawi kameneko, "ba" ndi "da" zimamveka ngati chimodzi. Ndiye kompyuta imakoka mawuwo kuti atalike, mwana n'kumasankha, ndipo akamakhoza imawafupikitsa pang'onopang'ono mpaka afike pa liwiro la kulankhula kwa masiku onse.

Ana amakhozadi masewerawo. Funso ndi lakuti akatseka kompyuta, luso lija limawatsata mpaka m'buku? Mu 2008 Ronald Gillam ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana 216 a zaka 6 mpaka 9 amene anali ndi vuto la chinenero. Anawagawa m'magulu anayi: ena pa Fast ForWord, ena pa masewera ena a chinenero, ena ndi katswiri pamaso m'pamaso, ndipo otsala pa masewera wamba a maphunziro ngati masamu. Onse ankachita ola limodzi ndi mphindi 40 patsiku, masiku asanu pamlungu, kwa milungu 6. Magulu onse anayi anapita patsogolo pa chinenero, ndipo anapita pafupifupi mofanana. Mu 2011 akatswiri ena, mwa iwo Charles Hulme, anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wodalirika amene analipo, ndipo sanapeze umboni woti pulogalamuyi imaposa njira zina pa kuwerenga kapena kulankhula. Ine chimene ndinatolapo ndi ichi: mwana aliyense amene wapatsidwa chidwi choposa ola ndi theka tsiku lililonse amasuntha. Chinsinsi sichinali m'mawu okokedwa aja.

Sikuti zonse za pakompyuta ndi zachabe. Masewera amene amalumikiza lembo ndi liwu lake mwachindunji, monga GraphoGame amene anapangidwa ku yunivesite ya Jyväskylä ku Finland ndipo anawakonzanso m'zinenero zambiri kuphatikizapo Chinyanja, amaphunzitsa chinthu chenicheni chimene wowerenga amafunikira. Mwana amamva liwu, amasankha lembo. Kompyuta sitopa, sikwiya, ndipo ikhoza kufunsa "m" ka 200 osausa moyo, chimene ine sindingathe. Koma ndi mthandizi, si mphunzitsi. Simva mwana akamawerenga "bola" m'malo mwa "dola" chapansipansi, ndipo sidziwa kuti wayamba kungodinadina kuti apeze nyenyezi.

Gulu lachitatu ndi limene sililengezedwa kwambiri, chifukwa palibe chogulitsa chachikulu: kholo kuphunzira kuchita ndi mwana chinthu chomwecho chimene chikumuvuta. Apa ndi pamene umboni uli wochuluka, ndipo apanso ndi pamene pali thukuta.

Kwa mwana wochedwa kulankhula, njira ya Hanen Centre ya ku Toronto, yomwe inayamba m'ma 1970, imaphunzitsa kholo zinthu zooneka zopepuka: yang'ana chimene mwana wakonda, dikira, mvetsera. Kudikirako ndiye kovuta. Ife akuluakulu timadzaza mpata uliwonse ndi mafunso. "Ichi n'chiyani? Nena mpira. Nena! Mtundu wanji?" Mwana amangotiyang'ana. Njira iyi imati khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, werengani chamumtima mpaka khumi, ndipo akanena "mpila" inu muyankhe "Ee, mpira wagwa", kuwonjezera liwu limodzi kapena awiri, osamukakamiza kubwereza. Mu 2011 Megan Roberts ndi Ann Kaiser anaunika kafukufuku 18 wa njira zoterezi zochitidwa ndi makolo, ndipo anapeza kuti zimathandizadi chinenero cha ana aang'ono. Kuwerenga buku la zithunzi mocheza, kumene Grover Whitehurst anakuyesa mu 1988, n'kwa mtundu womwewo: mwana ndiye amasimba, kholo likufunsa ndi kuwonjezera.

Kwa mwana wosokoneza maliwu, ngati wanga wa "tapu", katswiri wa zolankhula anandionetsa kasewero kamene ndimakakumbukirabe. Timajambula zithunzi ziwiri za mawu osiyana liwu limodzi lokha, monga "kola" ndi "tola". Mwana ndiye amalamula, ine ndimachita. Akafuna ndikole koma n'kunena "tola", ine ndimawerama n'kutola chinthu pansi, nkhope ili yosalakwa. Tsiku loyamba anakwiya mpaka kuponda pansi: "Ayi! Tola!" Ine n'kutolanso china. Anaima, n'kundiyang'ana pakamwa. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti liwu lake limasintha zimene munthu wamva. Mphindi zisanu kapena khumi patsiku, osati ola. Ndipo apa ndipatukeko pang'ono: pali zida zambiri zouzira ndi zoyamwira zimene amati zimalimbitsa lilime ndi milomo kuti mwana alankhule bwino. Kafukufuku sanasonyeze kuti zimakonza katchulidwe. Kulankhula sikufuna mphamvu zambiri za lilime, kumafuna lilime lidziwe pokafika, ndipo limadziwa polankhula.

Chibwibwi chili ndi njira yakeyake. Lidcombe Program ya ku Australia ndi ya ana osakwana zaka 6, imachitidwa ndi kholo pakhomo tsiku ndi tsiku, koma katswiri amayang'anira mlungu uliwonse. Iyi si yongowerenga pa intaneti n'kuyamba wekha.

Pa kuwerenga, nkhani inaweruzidwa kalekale, ngakhale mikangano siitha. Lipoti la National Reading Panel la ku America la mu 2000, ndi lipoti la Jim Rose la ku England la mu 2006, onse anatsindika kuphunzitsa maliwu a malembo mwadongosolo, kuyambira kosavuta kupita kovuta. Kwa mwana wa dyslexia, vuto loti mwana amavutika kuwerenga ndi kulemba mawu ngakhale nzeru zake zili bwinobwino, izi n'zofunika koposa, chifukwa iye satola yekha zimene anzake amatola m'njira. Dzina limene mudzakumane nalo kwambiri ndi Orton-Gillingham, njira ya m'ma 1930 ya Samuel Orton ndi Anna Gillingham, imene mwana amaona lembo, amalitchula, n'kulilemba ndi chala nthawi imodzi. Ndi njira yabwino, koma dzinalo lisakuchititseni kuganiza kuti mwagula mankhwala. Kuunika kwa mu 2021 sikunapeze umboni wamphamvu woti mapulogalamu okhala ndi dzinali amaposa njira zina zadongosolo. Chimene chimagwira ntchito ndi dongosololo ndi kubwereza. Liwu limodzi latsopano, kuliphatikiza ndi a, e, i, o, u, kupanga mawu kuchokera ku maphatikizowo, kenako kuwerenga ziganizo zimene zili ndi malembo okhawo amene mwana waphunzira. Musamulole kulosera poyang'ana chithunzi. Wanga anali katswiri pa zimenezi: ankawerenga tsamba lonse bwinobwino maso ali pa chithunzi, ndipo nditaphimba chithunzicho ndi dzanja anangoti zii. Magalasi a mitundu ndi mapepala a mitundu oika pamwamba pa buku nawonso ali m'gulu la mahedifoni aja. Mabungwe a madokotala a maso ndi a ana ku America ananena limodzi mu 2009 kuti dyslexia si vuto la maso.

Nanga mwana amene amamva koma samvetsa pakakhala phokoso? Pamenepa njira yotsika mtengo kwambiri ndiyo imapambana: zimitsani wailesi ndi TV polankhula naye, muitaneni dzina kaye, dikirani akuyang'aneni, nenani chinthu chimodzi, n'kumuuza abwereze. Kusukulu kulinso kamaikolofoni kamene mphunzitsi amavala, mawu ake n'kumafika mwachindunji m'khutu la mwana. Sikachiza ubongo, ndipo sikanamizira kutero. Kamangochepetsa phokoso pakati pa awiriwo.

Gulu lachitatuli lili ndi zoipa zake, ndisakubiseni. Kholo si katswiri, ndipo likhoza kukakamira liwu limene mwana sanafike msinkhu wolitchula. Kholo limatopa. Choipa kwambiri n'chakuti mwana akhoza kuyamba kuona mayi kapena bambo ake ngati mphunzitsi wa ndodo, n'kumathawa akaona buku. Ife zinatichitikira mwezi wachiwiri. Tinasiya mlungu wathunthu, n'kuyambiranso ndi mphindi zisanu zokha, ndipo timasiya iye akadali kukhoza, osati atalephera. N'chifukwa chake kuonana ndi katswiri wa zolankhula ngakhale kamodzi pa miyezi ingapo, ngakhale pavidiyo, kuli ndi phindu kuposa pulogalamu ya chaka chonse: iye amakuuzani liwu loyambira ndi loti mulisiye kaye. Ndipo mwana akafika chaka ndi theka alibe liwu limodzi lomveka, kapena zaka ziwiri osaphatikiza mawu awiri, kapena akayamba kutaya mawu amene ankawadziwa, si nthawi yosankha pakati pa njira za pakhomo. Pitani naye kwa dokotala.

Wina atandifunsa kuti ndalama ndi nthawi aziike kuti, ndingati makutu kaye, kenako katswiri woti akutsogolereni, kenako mphindi khumi zanu tsiku lililonse. Masewera a malembo patabuleti abwere ngati chowonjezera pa masiku amene mulibe mphamvu. Mahedifoni a nyimbo ndingawasiye, pokhapokha ngati mwanayo amangokonda Mozart.

Wanga tsopano ali ndi zaka 9. Amawerenga mochedwa kuposa anzake, chala chili pansi pa mzere, ndipo "b" ndi "d" zimamuzembabe akatopa. Dzulo anandipeza ndikulemba izi, anawerama paphewa langa n'kuwerenga mzere woyamba liwu ndi liwu. Atafika pa "tapu" anaima, n'kundifunsa kuti tapu n'chiyani.