Masiku asanu ku Kerala: kumapiri a Munnar ndi Thekkady kapena pamadzi a Alappuzha?

Amalawi ambiri amene amapita ku India amakhala atapitira zachipatala, sukulu kapena malonda, ndipo amene watsala ndi masiku anayi kapena asanu komanso kandalama pang'ono m'thumba kawirikawiri amalangizidwa kuti akaone Kerala, chigawo chopyapyala chakumwera cha kumadzulo kwa dzikolo, chimene chinapanikizika pakati pa nyanja yamchere ya Arabia ndi mapiri a Western Ghats. Makampani oyendetsa alendo a mumzinda wa Kochi pafupifupi onse amagulitsa ulendo umodzimodzi: masiku awiri ku Munnar, tsiku limodzi ku Thekkady, kenaka usiku umodzi m'boti ku Alappuzha. Ndondomeko imeneyi anaikonzera mlendo wochokera ku Mumbai kapena ku London, amene munda wa tiyi ndi njovu yakutchire amangoziona pa kanema. Munthu wokulira kuno kwathu ayenera kuwerengera mwamtundu wina, chifukwa zina mwa zimene angakalipire ndalama zambiri kuti aone anaziona kale ali pawindo la minibasi yopita ku Muloza.

Ndiyambe ndi Munnar, poti ndi kumene anthu amathamangira. Katauni kameneka kali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 m'boma la Idukki, pamene pamakumana mitsinje itatu, ndipo dzina lake limatanthauza zomwezo. Kuchokera ku Kochi ndi makilomita pafupifupi 130, koma chifukwa cha makona a msewu, galimoto imatha maola anayi kapena kuposerapo, moti amene amachita chizungulire m'galimoto amwe mankhwala asananyamuke. Tiyi wa kumeneko anabzalidwa ndi Angerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi yomweyo imene tiyi ankayambika ku Mulanje, ndipo maonekedwe ake ndi omwewo: mitengo yoduliridwa mofanana ngati tebulo, tinjira tapakati pa mizere, amayi othyola masamba atabereka zonyamulira kumsana, fakitale yotulutsa fungo la tiyi wouma, ndi mizere ya nyumba za antchito kuseri kwa phiri. Chosiyana n'chakuti ku Munnar tiyi amakwera malo otsetsereka kwambiri mpaka kukalowa m'chifunga, pamene kwathu minda yambiri inayala m'munsi mwa phiri. Kukongola kulipo, sindikukana, koma munthu wa ku Thyolo akaimirira pamenepo amangomva ngati wafika kumudzi tsiku la chiperoni. Ngakhale phiri la Anamudi, limene ndi lalitali kuposa onse kumwera kwa India ndi mamita 2,695, silifika pa Sapitwa yathu ya mamita 3,002.

Chimene Munnar ali nacho chomwe ife tilibe chili m'nkhalango yotetezedwa ya Eravikulam. Mumakhala mbuzi zakuthengo zotchedwa Nilgiri tahr, zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'mapiri a kumwera kwa India, ndipo zinazolowera anthu moti zimadya msipu m'mbali mwa njira osatekeseka ndi makamera. Alendo amakwezedwa basi ya nkhalangoyo, n'kukatsitsidwa pamalo amodzi kuti ayende pansi kamtunda kochepa, ndipo malo ake a udzu wam'mapiri wokhala ndi timitengo tothinana m'makwawa amakumbutsa Nyika. Nkhalangoyi amaitseka m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi pamene mbuzizo zikuswa, ndiye wopita nthawi imeneyo amabwerera pachipata. Palinso duwa lotchedwa neelakurinji, limene limachita maluwa kamodzi pa zaka 12 n'kusandutsa mapiri kukhala obiriwira motuwa ngati mtambo: linaphuka mu 2006 ndi mu 2018, ndipo likuyembekezeka mu 2030. Amene angathe kudikira chaka chimenecho ali ndi chifukwa chomveka chopitira ku Munnar. Zina zimene amaika pa ndandanda, monga damu la Mattupetty ndi malo oonera patali a Top Station, ndi malo odzaza anthu ndi ogulitsa chimanga chootcha, ndipo pa tchuthi galimoto zimaima pamzere nthawi yaitali.

Thekkady, amene ali maola atatu kapena anayi kumwera kwa Munnar, amagulitsidwa ngati malo oonera nyama. Nkhalango ya kumeneko, yotchedwa Periyar, inakhazikitsidwa kukhala malo otetezera akambuku amizeremizere aja otchedwa tiger mu 1978, ndipo pakati pake pali nyanja imene inapangika damu la Mullaperiyar litamangidwa mu 1895, moti mpaka lero zitsa za mitengo yomizidwa zimaonekabe pamwamba pa madzi. Alendo ambiri amakwera boti kwa ola limodzi ndi theka, aliyense atavala chovala choyandamitsa, lamulo limene analikhwimitsa boti lina litagubuduka mu Seputembala 2009 n'kupha anthu 45. M'mphepete mwa nyanjayo mumatha kuoneka njovu, nguluwe, agwape, ndi njati zikuluzikulu zotchedwa gaur, koma nkhalangoyo ndi yowirira, nyama zimaonekera patali, ndipo tiger ndi wongomumva mbiri. Amene anakwerapo boti pa Shire ku Liwonde, mvuu zikufwenthera pambali pake, ng'ona zitayala pamchenga, njovu zikuwoloka kutsogolo, adzatsika m'boti la Periyar akudzifunsa kuti nyama zija zili kuti. Ubwino weniweni wa Thekkady uli m'minda ya zokometsera zakudya yozungulira tauni ya Kumily, kumene munthu amaona tsabola wakuda akuyanga mumtengo ngati chitedze ndi cardamom akubereka pansi penipeni pa tsinde, komanso m'maulendo oyenda pansi m'nkhalango, ena mwa iwo otsogoleredwa ndi anthu amene kale anali opha nyama mozemba. Woyenda pansi nthawi yamvula akonzekere misundu, chifukwa imakwera m'sokosi osaimva.

Wayanad, kumpoto kwenikweni, ndingomutchula mwachidule popeza ali kutali ndi Kochi ndipo amafikika bwino kudzera ku Kozhikode, pa msewu wokwera makona akuthwa 9. Kuli mapanga a Edakkal okhala ndi zithunzi zakalekale zogoba pamwala, zimene zingasangalatse munthu amene anaonapo za ku Chongoni ku Dedza, koma pa masiku asanu ulendo wake ungadye theka la nthawi yonse.

Pamadzi ndi pamene pali zachilendo kwa ife, ngakhale kuti ndife anthu a kunyanja. Kuseri kwa gombe la Kerala kuli nyanja, mitsinje ndi ngalande zolumikizanalumikizana, ndipo mtima wake ndi nyanja ya Vembanad, yaitali kuposa nyanja zonse za ku India, makilomita opitirira 90. Dera la Kuttanad, limene lili kum'mwera kwa nyanjayi, ndi amodzi mwa malo ochepa padziko kumene anthu amalima mpunga pansi pa mulingo wa nyanja yamchere, mwina mita imodzi, mwina mpaka atatu. Alimi anamanga migula yadothi kuzungulira zigawo za nyanja, n'kupopa madzi kuwatulutsa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma linamanga chotchinga cha Thanneermukkom kuti madzi amchere asamalowe m'minda nthawi yachilimwe. Zotsatira zake n'zakuti munthu ali m'bwato amayang'ana mpunga pansi pake, pamene madzi amene akuyandamapo ali pamwamba kuposa munda. Nyumba, matchalitchi, akachisi, sukulu ndi timagolosale zonse zinandanda pa kamtunda kopyapyala ka mgula, kutsogolo ngalande, kumbuyo munda, ndipo khomo lililonse lili ndi masitepe amiyala otsikira kumadzi, pamene mayi amachapa pomenyetsa nsalu pamwala, mwana akutsuka m'kamwa chapompo, ndipo bambo wina akudutsa m'kabwato akukusa abakha ochuluka ngati ng'ombe zopita kudibi. Mlimi wa mpunga wa ku Karonga kapena wa m'mbali mwa Chilwa angakhale ndi mafunso ambiri kumeneko kuposa mlendo wina aliyense. Namasupuni amene amatisautsa pa Shire nayenso alipo, ndipo malo ena amatseka ngalande mpaka injini ya boti kutsamwa.

Funso lalikulu pamadzi ndi lakuti munthu aone zonsezi ali m'chombo chanji, ndipo apa mpamene ndalama zambiri zimatayikira. Chotchuka ndi boti logonamo, limene linachokera ku kettuvallam, maboti akale onyamula mpunga, omangidwa ndi matabwa olumikiza ndi zingwe za makoko a kokonati, amene anayamba kusandutsidwa nyumba za alendo cha m'ma 1990. Limakhala ndi zipinda zogona, bafa, khonde, woyendetsa ndi wophika wake, ndipo mwachizolowezi limanyamuka masana, n'kudzatsitsa alendo m'mawa wa tsiku lotsatira. Zimene otsatsa sanena mokweza n'zakuti dzuwa likamapendeka, cha m'ma 5:30, maboti onse amakocheza kuti asodzi atchere maukonde awo, ndiye kuyenda kwenikweni ndi maola ochepa chabe, komanso chifukwa cha kukula kwake botilo limangotsata njira zikuluzikulu, silingalowe m'tingalande ta m'midzi. Ineyo ndinalipira mwini boti wina amene analonjeza kuti tikagona pamalo achete, koma tinakakocheza pakati pa maboti ena ambirimbiri, lina likuliza nyimbo mpaka usiku, makina oziziritsa chipinda anayatsidwa 9 koloko itakwana, ndipo podikira nthawiyo udzudzu unatidya mokwanira. Chakudya chokha ndicho ndinalibe nacho dandaulo.

Tsiku lotsatira ndinakwera boti la boma, limene limanyamula anthu wamba kuchokera ku Alappuzha kupita ku Kottayam ndi m'midzi ya Kuttanad, pa mtengo wosafika ngakhale wa chakudya chamasana. Mipando yake ndi youma, injini ndi yaphokoso, ndipo woyendetsa amalankhula ndi wa kuinjini pokoka chingwe cha belu. Koma linkaima pa kadoko kalikonse, apa kukwera ana asukulu a yunifolomu, apo kutsika mayi ndi botolo la gasi, kwina gogo wovala nsalu yoyera m'chiuno akulandira nyuzipepala yake kwa kondakitala, ndipo pa maola awiri ndi theka ndinaona zambiri za moyo wa kumeneko kuposa zimene ndinaona pa usiku wodula uja. Pakati pa ziwirizi pali timaboti tofolera totchedwa shikara, tobwereka pa ola, ndi mabwato opalasa amene amalowa m'tingalande topapatiza mpaka munthu kuwerama podutsa pansi pa timilatho. Kwa ine njira yabwino ndiyo kugona panyumba ya banja lolandira alendo m'mbali mwa ngalande, kukwera bwato lopalasa mbandakucha pamene akakowa ndi amphipi ayamba kusaka, kenaka masana kuyenda pa boti la boma. Boti logonamo ndi la anthu amene angokwatirana kumene kapena banja lalikulu logawana mtengo, ndipo iwonso asalipire asanalowe m'botimo kuona chipinda ndi kufunsa kumene likagone.

Za malo okhazikikapo, Alappuzha ndiye pali maboti ochuluka, mitengo yopikisana, sitima yapamtunda, ndi phokoso lomwe. Kumarakom, kutsidya la kum'mawa kwa Vembanad, ndi kwa mahotela odula ndi malo otetezera mbalame, kwabata koma kofuna thumba lolemera. Munroe Island, pafupi ndi Kollam pamene mtsinje wa Kallada umathira m'nyanja ya Ashtamudi, ndi kwa mabwato ang'onoang'ono, ndipo amene akuchokera ku Thiruvananthapuram, likulu la Kerala, ndi kumene kuli pafupi.

Pa chakudya, Mmalawi sasowa mtendere pamadzipo. Nsomba yawo yonyadira, karimeen, ndi ya banja limodzi ndi chambo, ndipo amaipaka tsabola ndi zokometsera n'kuiwotcha itakulungidwa m'tsamba la nthochi. Chinangwa chophika chophwanyaphwanya, chimene amati kappa, amadyera nsomba ya msuzi wofiira wowawa tsabola, moti wa ku Nkhata Bay amangoona ngati kondowole wasintha pang'ono maonekedwe. Mowa wawo wa m'midzi, wogoma ku mitengo ya kokonati, ndi mbale wake wa uchema.

Nyengo nayo imasankhira munthu. Mvula yamphamvu imayamba kumayambiriro kwa Juni mpaka Seputembala, ina imabweranso mu Okutobala ndi Novembala, ndipo nthawi yabwino koma yodula ndi Disembala mpaka Febuluwale. Kuyambira Malichi mpaka Meyi pamadzi pamatentha chinyezi chothetsa mphamvu, ndipo imeneyi ndi nthawi yokhayo imene ndingauze munthu kuti athawire ku Munnar. Nthawi yamvula mapiri ndi oopsa: napolo anapha anthu opitirira 60 m'nyumba za antchito a tiyi ku Pettimudi pafupi ndi Munnar mu Ogasiti 2020, ndipo wina anakokolola midzi ya ku Wayanad pa 30 Julayi 2024 n'kupha anthu opitirira 200, zinthu zimene amene anaona za ku Chilobwe mu 2023 safuna kufotokozeredwa. Pamadzi napo pamasefukira, monga zinachitikira mu 2018 pamene Kuttanad anamira ndipo bwalo la ndege la Kochi linatsekedwa kwa masiku angapo. Komabe mwezi wa Ogasiti ndi umene kawirikawiri kumachitika mpikisano wa mabwato wa Nehru Trophy pa nyanja ya Punnamada ku Alappuzha, umene unayamba Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, atacheza kumeneko mu 1952, ndipo bwato limodzi lalitali ngati njoka limapalasidwa ndi amuna pafupifupi 100 motsatira nyimbo ndi kugunda kwa oimba ali pakati.

Nditapatsidwanso masiku asanu omwewo, atatu ndingakhale ku Kuttanad, limodzi ku Kumily chifukwa cha minda ya tsabola ndi cardamom, ndipo lotsalalo ndingayende pansi ku Fort Kochi, dera lakale la mzinda wa Kochi, kuona maukonde akuluakulu otukulidwa ndi mitengo ndi miyala, ndi tchalitchi cha St Francis chimene Vasco da Gama anayamba waikidwamo atamwalira mu 1524. Munnar ndingamusungire 2030.